Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zaumoyo: tiwerenge odwala khansa ya melanoma m'boma la Lilongwe

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu Undunawu, ndi aphungu a Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za umoyo,

Olemekezeka,

Ndikukulemberani monga namwino amene ndagwira ntchito yotsuka ndi kumanga zilonda m'zipatala za m'boma lino la Lilongwe kufikira pamene ndinapuma, ndipo nkhani imene ndabwera nayo pamaso panu ndi ya khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma. Pempho langa ndi lakuti Unduna wanu uziwerenga mwadongosolo munthu aliyense wa m'boma lino amene wapezeka ndi nthendayi, uzimutsatira mpaka kudziwa ngati akadali moyo kapena anatisiya, ndipo ziwerengerozo zizilengezedwa poyera chaka ndi chaka. Kuwerengako kuyende limodzi ndi ntchito ina imene siifuna ndalama zambiri, yomwe ndi kuphunzitsa ogwira ntchito zachipatala kuyang'ana kunsi kwa phazi la wodwala, chifukwa kwa ife anthu akuda khansa imeneyi imayambira kumeneko kawirikawiri.

Ndikudziwa bwino lomwe kuti melanoma si ndiyo imene ikudzaza mawodi athu. Khansa ya khomo la chiberekero, ya Kaposi, ya kummero ndi ya m'mawere ndi zimene zikupha Amalawi ochuluka, ndipo ndi zoyenera kuti chuma chambiri chizipita kumeneko. Koma melanoma ili ndi khalidwe limene limaipatula kwa zinzake. Imaonekera ndi maso pamwamba pa khungu, ndipo ikapezeka idakali yaing'ono imachotsedwa ndi opaleshoni yochepa, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ikangochedwa, imalowa m'kati, n'kufalikira ku mwanabere, ku mapapo, ku chiwindi, ku mafupa ndi ku ubongo, ndipo pa khansa zonse za pakhungu zodziwika ndiyo imene imapha msanga. Nthenda imene kuchira kwake kuli kotsika mtengo chonchi, pamene kuchedwa kwake kuli imfa, siyenera kunyalanyazidwa chifukwa chongoti odwala ake ndi ochepa.

Melanoma imayambira m'maselo amene amapanga mtundu wa khungu. Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO ndipo likulu lake lili ku Lyon m'dziko la France, linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 325,000 pa dziko lonse anapezeka ndi nthendayi, ndipo pafupifupi 57,000 anamwalira nayo. Akatswiri omwewo akuyembekezera kuti zinthu zikapitirira momwe zilili, pofika chaka cha 2040 odwala atsopano adzakhala pafupifupi 510,000 pachaka, omwalira n'kukhala 96,000. Ambiri mwa odwalawa ndi anthu a khungu loyera, ndipo kwa iwo chimene chimayambitsa nthendayi kwambiri ndi kupsa ndi dzuwa; poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imafala kwambiri ku Australia ndi ku New Zealand, kenako ku Ulaya ndi ku North America.

Chimene ndikufuna kuti muchione m'mayiko amenewa si kulemera kwawo ayi, koma zimene kuwerenga kunawachitira. Ku Queensland, chigawo cha Australia chimene chimatchuka ndi kuchuluka kwa melanoma, kaundula wa khansa wakhala akusonkhanitsa ziwerengero kuyambira chaka cha 1982. M'chaka cha 1981 dzikolo linayamba kampeni yaikulu yolimbikitsa anthu kuvala malaya, kudzola mafuta oteteza khungu ndi kuvala chipewa akakhala padzuwa. Patapita zaka, kaundula ndiye amene anaonetsa kuti pakati pa achinyamata amene anakula akumva uthengawo odwala atsopano ayamba kuchepa, pamene pakati pa okalamba amene anapsa ndi dzuwa kalekale chiwerengero chinali chikukwerabe. Popanda kaundula palibe akanadziwa ngati kampeniyo yaphula kanthu, ndipo ndalama zake zikanatha kuchotsedwa ndi munthu aliyense woganiza kuti zikungowonongeka. Lero ku Australia anthu oposa 90 mwa 100 aliwonse opezeka ndi melanoma amakhalabe moyo patatha zaka zisanu, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti ambiri amapezeka khansayo idakali yopyapyala.

Mawu akuti yopyapyala ndi ofunika kuwamvetsa, chifukwa tsogolo la wodwala lagona pamenepo. M'chaka cha 1970 dokotala wa ku America woyeza minofu, Alexander Breslow, anaonetsa kuti chimene chimalosera bwino za moyo wa wodwala melanoma ndi kuzama kwa chotupacho m'khungu, poyeza m'mamilimita, osati kukula kwake pamwamba. Mpaka lero dziko lonse limayeza motero. Chotupa chosapitirira milimita imodzi, chomwe kuzama kwake kungafanane ndi kupyapyala kwa chitupa cha unzika chimene tonsefe timayenda nacho, chimachira pafupifupi nthawi zonse chikadulidwa bwino. Chikapitirira mamilimita anayi, makamaka chikaphulika n'kukhala chilonda, mwayi woti chafalikira kale umakhala waukulu. Ziwerengero za ku America zimaonetsa kusiyana kumeneku mosabisa: khansayo ikapezeka isanachoke pamalo pamene inayambira, pafupifupi 99 mwa 100 amakhala moyo patatha zaka zisanu, koma ikafika ku ziwalo zakutali, otsala amakhala pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu, ngakhale kuti dzikolo lili ndi mankhwala onse amene ndalama ingagule.

Tsono melanoma ya anthu akuda ili ndi njira yakeyake. Khungu lathu limatiteteza kwambiri ku dzuwa, choncho melanoma ya kumsana, ya kumaso ndi ya m'mapewa imene imasautsa azungu siichuluka pakati pathu. Imene timakumana nayo kwambiri ndi imene madokotala amaitcha acral melanoma, yoyambira kunsi kwa phazi, pachidendene, m'chikhatho, kapena pansi pa chikhadabo, malo amene dzuwa silifikako kwenikweni. Woimba wa ku Jamaica, Bob Marley, anamwalira m'chaka cha 1981 ali ndi zaka 36 chifukwa cha melanoma imene inayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi, ndipo poyamba anthu ankaona ngati ndi bala limene anavulala posewera mpira. Ku America, kumene amawerenga mosamala, anthu akuda amadwala melanoma mochepa kwambiri poyerekeza ndi azungu, koma akadwala amafa ambiri: okhalabe moyo patatha zaka zisanu amakhala pafupifupi 70 mwa 100, pamene kwa azungu amaposa 90. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu n'chakuti wodwala ndi dokotala yemwe onse amaganiza kuti munthu wakuda sangadwale khansa ya pakhungu, motero nthenda imapezeka itakhwima. Ngati zili chonchi kumene kuli akatswiri a khungu ochuluka, kulingalira za mlimi wa ku Kabudula kapena wa ku Mitundu kuyenera kutisowetsa tulo.

Mundilole ndikuuzeni za mayi wina wachikulire amene ndinamutsuka chilonda ndi manja angawa. Anali mlimi wa mtedza ndi chimanga, wa zidendene za ming'alu ngati za amayi athu onse ogwira khasu. Anafotokoza kuti kadontho kakuda kanatuluka pachidendene kalekale, kosawawa, ndipo iye ankaona ngati ndi minga imene inathyokera m'kati. Katayamba kukula, mdzukulu wake anayesa kukapala ndi lezala, magazi n'kutuluka. Achibale anati waponda mankhwala otchera kumunda, choncho anapita naye kwa asing'anga kumene anamutema mphini kuzungulira bondo. Pambuyo pake anayenda kangapo pachipatala china chaching'ono, kumene ankamupaka jivi, kumumanga bandeji ndi kumupatsa mankhwala opha tizilombo, ndipo m'kabuku kake ka kuchipatala tsamba lililonse linalembedwa kuti chilonda. Pamene ankafika kwa ife chidendene chonse chinali chotupa chakuda chonyowa, cha fungo, ndipo m'mphechepeche munali mwanabere wolimba ngati mwala. Anadulidwa kanyama kokayeza, koma achibale, ataona kuti ufa watha kuchitando, anamutenga kubwerera kumudzi zotsatira zisanatuluke. Anamwalirira kwawo. Pepala lotsimikiza kuti inali melanoma linafika mwini wake atagona kale kumanda, ndipo imfa yake siinalumikizidwe ndi pepalalo.

Sindikunena izi pofuna kuloza chala mnzanga amene ankamumanga bandeji. Munthu amene akuona odwala ochuluka yekhayekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ambiri a malungo ndi chifuwa, amachita zimene anaphunzitsidwa, ndipo sanaphunzitsidwe kukayikira chilonda cha kuphazi. Kuno kwathu palinso msampha wina umene mayiko a azungu alibe kwenikweni. Khansa ya Kaposi, imene inachuluka kwambiri ndi mliri wa Edzi, nayonso imakonda miyendo ndi mapazi, ndipo imatuluka ngati madontho kapena zotupa zakuda. Munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV akabwera ndi dontho lakuda kuphazi, maganizo oyamba a aliyense amathamangira ku Kaposi, ndipo nthawi zambiri amakhala olondola. Koma pamene alakwitsa, wodwala melanoma amalandira chithandizo cha nthenda ina miyezi ikupita, pamene mpeni ukanamupulumutsa. Chimodzimodzinso ndi odwala shuga, amene zilonda za kumapazi sizichedwa kuwapeza, komanso melanoma ina imene siida n'komwe, imangokhala yofiirira ngati nyama. Maso okha sangasiyanitse zonsezi. Chimene chimasiyanitsa ndi kudula kanyama n'kukakayeza ku labotale.

Pa nkhani ya kuwerenga, dziko lino silikuyambira pansi penipeni, ndipo ndi bwino kuyamikira amene anayala maziko. Kaundula wa khansa wa dziko lino, Malawi National Cancer Registry, wakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mphamvu zake zakhala pa kuwerenga odwala a ku Blantyre. Ziwerengero zimene mabungwe a dziko lonse amatchula ponena za khansa m'Malawi zimatsamira kwambiri pa ntchito ya ku Blantyre imeneyi. Kuno ku Lilongwe, labotale yoyeza minofu ya pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central inatsegulidwa m'chaka cha 2011 mogwirizana ndi UNC Project, pulojekiti ya yunivesite ya North Carolina ya ku America, ndipo inasintha kwambiri kapezedwe ka khansa m'chigawo chapakati. Palinso ndondomeko ya dziko yolimbana ndi khansa ya zaka za 2019 mpaka 2029. Zonsezi ndi chuma chimene chilipo kale m'manja mwanu.

Komabe pali kusiyana kwakukulu pakati pa kaundula wa m'chipatala ndi kaundula wa dera. Wa m'chipatala amalemba amene afika pakhomo pake, kaya achokera ku Dowa, ku Dedza, ku Mchinji kapena kutsidya kwa malire, ndipo sangatiuze kuti mwa anthu 100,000 okhala m'boma lino ndi angati amene amadwala chaka chilichonse. Kaundula wa dera amayamba ndi malire odziwika ndi chiwerengero chodziwika cha anthu okhalamo, kenako amasakasaka wodwala aliyense wa m'malirewo m'zipatala za boma, za mishoni monga Nkhoma ndi Likuni, zoyendetsedwa ndi anthu wamba, m'malabotale, ndi m'mabuku a imfa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 989,000 mumzinda wa Lilongwe ndi oposa 1.6 miliyoni m'madera a kumudzi a boma lomweli. Boma limodzi lokhala ndi anthu oposa 2.6 miliyoni, a m'tauni ndi a kumudzi pamodzi, ndi malo oyenera kwambiri kuwerengerako khansa imene siichuluka, chifukwa pa anthu ochepa zaka zimatha osaona kanthu kooneka. Ndipo n'zosachita kufunsa kuti kaundula woteroyo sangakhale wa melanoma yokha. Adzatumikira khansa zonse, melanoma ndi imene yangondipatsa chifukwa cholembera.

Kulemba dzina la nthenda kokha sikukwanira. Pa wodwala melanoma aliyense payenera kulembedwa zaka zake, mudzi ndi mfumu yake, malo enieni a thupi pamene chotupa chinayambira, kuzama kwake m'mamilimita monga mwa muyeso wa Breslow, ngati chinali chitaphulika, ngati mwanabere anali atatupa, ndiponso nthawi imene inadutsa kuchokera pamene iye anaona dontho kufikira pamene zotsatira zinatuluka. Malo a thupi ndi ofunika kwambiri kuwalemba mwatchutchutchu, pakuti kungolemba kuti mwendo kumasakaniza chidendene ndi ntchafu, pamene izi ndi nthenda zoyamba mosiyana. Ndi zolemba zoterezi, patatha zaka zisanu kapena khumi Unduna udzatha kunena molimba mtima ngati odwala akufika chotupa chidakali chopyapyala kuposa kale, ngati amayi ndi abambo akufika nthawi yofanana, komanso madera amene anthu ake akuchedwa kwambiri.

Mbali imene imavuta kuposa zonse, imenenso ndikupempha kuti muikepo mtima, ndi ya kutsatira odwala akatuluka m'chipatala. Kuti tidziwe kuti ndi angati amakhala moyo patatha chaka chimodzi, zitatu kapena zisanu, payenera kukhala munthu wolembedwa ntchito yofunsa za wodwala aliyense, wokhala ndi mayunitsi a foni ndi njira yoyendera. Anthu athu ambiri amamwalirira kunyumba, ndipo chipatala chimangoona kuti wodwala sanabwerenso. M'mabuku amalembedwa kuti anasowa, ndipo wowerenga wosachenjera akhoza kuwachotsa onse osowawo n'kulengeza kuti otsalawo akuchira bwino, chonsecho osowawo ndi amene anafa. Zida zotsekera mpata umenewu tili nazo. Chitupa cha unzika chimene National Registration Bureau inayamba kupereka kwa anthu ambiri m'chaka cha 2017 chili ndi nambala imene ingalumikize kabuku ka kuchipatala ndi kalata ya imfa. Alangizi a zaumoyo amadziwa makomo a m'midzi yawo. Mafumu nawo amadziwa maliro onse, chifukwa palibe manda amene amakumbidwa m'mudzi iwo osauzidwa. Chofunika ndi lamulo lochokera ku Capital Hill lolumikiza anthu amenewa, losunganso chinsinsi cha wodwala.

Ndikuchenjezeretu za chinthu chimodzi chimene chidzachitike ntchitoyi ikayamba, kuti chisadzakudzidzimutseni. Chiwerengero cha odwala melanoma chidzakwera. Chidzakwera chifukwa zilonda zimene kale zinkangomangidwa bandeji zidzayamba kuyezedwa, komanso chifukwa Amalawi akukhala moyo wautali kuposa m'zaka zimene Edzi inkapulula anthu, pamene melanoma ya kuphazi imakonda achikulire. Padzapezeka ena onena kuti khansa yabuka mu ulamuliro wanu. Yankho lake lidzakhala m'mamilimita aja. Odwala akachuluka koma zotupa zawo n'kumapezeka zopyapyala, ndipo okhala moyo patatha zaka zisanu n'kumawonjezeka, ndiye kuti ntchito ikuyenda, ndipo ndi momwe zinayendera m'mayiko amene ndatchula aja. Mtsogoleri woopa chiwerengero chokwera akhoza kusankha kusawerenga, koma odwalawo adzakhalapobe, n'kumafa osadziwika.

Kaundula amadalira labotale, labotale nayo imadalira kanyama kochokera kwa wodwala. Pachifukwa chimenechi ndikupempha kuti zipatala zonse za m'boma lino zimene zimachita maopaleshoni ang'onoang'ono zikhale ndi munthu wodziwa kudula kanyama kokayeza, zida zake, ndi timabotolo ta mankhwala osungira, ndipo tinyamato tizinyamulidwa kupita ku labotale pa tsiku lodziwika, monga momwe magazi a anthu omwa ma ARV amanyamulidwira kukayezedwa. Njira imene inatheka pa HIV ingathekenso pa khansa. Zotsatira zikatuluka, zizitsatira wodwala kudzera pa foni kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa kwawo, osati kudikira kuti munthu wa phazi lotupa akwere kabaza ndi minibasi kudzafunsa ngati pepala lafika. Unduna uike nthawi yoyenera imene zotsatira ziyenera kutulukira, ndipo uziyeza ngati ikukwaniritsidwa. Akatswiri oyeza minofu ndi ochepa m'dziko muno, ndipo amene alipo akusenza katundu woposa msinkhu wawo. Kuphunzitsa ena kudzera ku Kamuzu University of Health Sciences ndi kuwasunga kuti asathawire kunja ndi gawo la nkhondo yomweyi.

Ntchito yoyang'ana kuphazi ndi yosavuta kuiphunzitsa. Ophunzira a ku Malawi College of Health Sciences ndi a m'masukulu a anamwino atuluke akudziwa kuti dontho lakuda kapena lamitundumitundu kunsi kwa phazi kapena m'chikhatho, limene likukula, losalongosoka m'mphepete, kapena lotuluka magazi, liyenera kukayikiridwa. Adziwe kuti mzere wakuda wa m'chikhadabo chimodzi umene ukufutukuka, makamaka kudako kukafika pakhungu lozungulira chikhadabo, si wongoyang'ana. Pakhale lamulo losavuta kukumbukira, lakuti chilonda cha kuphazi chimene chalandira chithandizo choyenera kwa miyezi iwiri osapola chitumizidwe kukayezedwa. Ku makiliniki a shuga, a kuthamanga kwa magazi ndi a ma ARV, kumene achikulire amabwera kale nthawi ndi nthawi, kupempha munthu kuti avule nsapato sikutha ngakhale mphindi imodzi. Tili ndi madokotala othandizira amene anaphunzira za khungu ku Moshi m'dziko la Tanzania, ndipo amenewa akhoza kutsogolera maphunzirowa, komanso kulandira zithunzi za pa foni kuchokera kwa anzawo a kumidzi n'kuwalangiza.

Uthenga wopita kwa anthu nawo ukhale wathuwathu. Kungotenga mapepala olembedwera anthu a ku Ulaya, onena za kupewa dzuwa, n'kuwamasulira m'Chichewa, sikungathandize mlimi wa khungu lakuda amene khansa yake ili pansi pa chidendene. Pa wailesi, m'mipingo, m'mizikiti ndi pamisonkhano ya mafumu panenedwe momveka kuti munthu aziyang'ana kunsi kwa mapazi ake akamasamba, ndipo ana aziyang'ana mapazi a makolo awo okalamba amene sangathenso kuwerama kapena kuona bwino. Asing'anga asasiyidwe kunja, popeza ambiri amayamba kufika kwa iwo. Ndi bwino kukhala nawo pansi mwaulemu n'kugwirizana kuti chilonda chakuda cha kuphazi asachiteme kapena kuchiwotcha, koma atumize mwini wake kuchipatala.

Pali gulu limodzi la Amalawi limene uthenga wa dzuwa ukuwakhudza kotheratu, ndipo sindingatseke nkhani ya khansa ya pakhungu osawatchula. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno. Khansa imene imawapha kwambiri si melanoma, koma mitundu ina ya khansa ya pakhungu yoyamba ndi dzuwa, makamaka squamous cell carcinoma, imene imadya nkhope, makutu, khosi ndi mikono, nthawi zambiri munthu adakali wachinyamata. Bungwe lawo la APAM lakhala likulira za mafuta oteteza khungu kwa zaka zambiri. Mafutawo, zipewa zazikulu, ndi kuyezedwa khungu pafupipafupi ziyenera kupezeka pachipatala chapafupi popanda kudukiza. M'kaundula amene ndikupemphayu, khansa za anthu achialubino zilembedwe pazokha, kuti zisasakanizike ndi melanoma pansi pa mutu umodzi wakuti khansa ya pakhungu, chifukwa zoyambitsa zake n'zosiyana ndipo kapewedwe kake n'kosiyananso.

Mwina ena angafunse ngati likulu la khansa, National Cancer Centre, limene lamangidwa pa Kamuzu Central, silikuyankha kale zonsezi. Likululi ndi dalitso lalikulu, makamaka kwa amayi a khansa ya khomo la chiberekero amene kale ankadikira mwayi wopita kunja kukalandira chithandizo cha makina owotcha khansa. Koma melanoma siimva kwenikweni makina amenewo, ndiponso siimva bwino mankhwala akale a khansa. Chimene chinasintha zinthu kunja ndi mankhwala atsopano odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chimenyane ndi khansa: ipilimumab, amene anavomerezedwa ku America m'chaka cha 2011, kenako pembrolizumab ndi nivolumab m'chaka cha 2014. Kuyambira nthawi imeneyo imfa za melanoma kumeneko zinayamba kutsika msanga, ndipo m'chaka cha 2019 bungwe la WHO linaika mankhwala a mtundu umenewu pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Mtengo wake ndi woti banja wamba la ku Malawi silingaufikire, ndipo kafukufuku waonetsa kuti melanoma ya kuphazi siimva mankhwalawa mofanana ndi ija yoyamba ndi dzuwa. Ndikulimbikitsa Unduna kuti ukambirane za mitengo pamodzi ndi mayiko oyandikana nafe, koma pokambirana mudzafunsidwa kuti odwala anu ndi angati, ndipo yankho lidzachokera m'kaundula.

Padakali pano chithandizo chenicheni chili m'manja mwa dokotala wa opaleshoni. Chotupa chopyapyala chimadulidwa pamodzi ndi khungu labwino la sentimita imodzi kuzungulira, chozama chimafuna masentimita awiri, ndipo kuphazi bala lotere nthawi zambiri limafunika kuphimbidwa ndi khungu lochokera pena. Wodwala amene wapezeka ndi melanoma asaikidwe pamzere umodzi ndi maopaleshoni amene angathe kudikira miyezi. Kwa amene afika mochedwa, mofini wakumwa, zomangira zilonda ndi mankhwala ochepetsa fungo zipezeke pafupi ndi kwawo, chifukwa chilonda cha khansa chimachititsa kuti ngakhale achibale okonda munthu azimugoneka kukhitchini payekha, ndipo ndinaona ndi maso anga manyazi amene odwala otere amakhala nawo.

Kwa inu aphungu a Komiti yoona za umoyo, gawo lanu lili pa bajeti. Kaundula wa khansa amene amadalira ndalama za abwenzi akunja zokha amaima pamene pulojekiti yatha, ndipo zaka zimene zadumphidwa sizibwezeretsedwa, chifukwa odwala a zaka zimenezo amakhala atamwazikana. Malipiro a alembi a kaundula, mafuta a njinga zamoto, mayunitsi ndi mankhwala a mu labotale zikhale ndi mzere wakewake mu bajeti ya boma, ndipo komiti yanu iziitanitsa lipoti lake chaka chilichonse. Kwa inu a Nduna, ndikupempha kuti pa 4 February, tsiku limene dziko lonse limakumbukira za khansa, Unduna uzitulutsa lipoti la boma la Lilongwe m'Chichewa ndi m'Chingerezi, lonena odwala khansa ya pakhungu amene anapezeka chaka chapitacho, mtundu wa khansa yawo, malo a thupi, kuzama kwa zotupa, nthawi imene zotsatira zinatenga, ndi chiwerengero cha odwala a zaka zam'mbuyo amene akadali moyo. Lipoti loyamba likhoza kuyamba ndi zolemba zimene labotale ya pa Kamuzu Central yasunga kuchokera mu 2011, ndipo lamulo la chilonda cha miyezi iwiri likhoza kutumizidwa ku zipatala zonse za m'boma lino ndi kalata imodzi yochokera mu ofesi ya a Mlembi Wamkulu.

Ine wanu mwaulemu,

Namwino wopuma pantchito,
Lilongwe